Anagonetsa Timu ya Yovela Ndani?

Timu yathu inaluza chikho Lamlungu masana, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse wa Yovela unali utapeza kale munthu woti umudye wamuwisi. Kwathu kuno timakhululuka zambiri. Munthu akhoza kuba nkhukundembo, kuledzera pamaliro, ngakhale kusuntha malire a munda wa khofi, anthu n'kungopukusa mitu n'kumapita. Koma za basiketibolo ayi. Makamaka ikakhala ndime yomaliza pa chikondwerero cha woyera wathu, tikulimbana ndi a ku Talisa, tsidya lina la chigwa, anyamata athu atakwera ndege kuchoka ku Los Angeles kuti adzangosewera tsiku limodzi limeneli, pamenepo palibe chibale.

Ine ndine Herlinda, ndimaphika buledi. Chaka chino ndodo yoweruzira milandu ya m'mudzi inagwera mwamuna wanga, ndiye poti iyeyo ali kumpoto, kunja kwa dziko, akutsuka mbale za eni ndalama, ndodoyo ndinanyamula ndine. Udindo umenewu ulibe malipiro komanso sukanidwa. Mpaka tsiku limenelo milandu yanga inali ya abulu olowa m'minda ya eni ndi ya apongozi osalankhulana.

Zinayenda chonchi. Chigawo choyamba tinkatsogola bwinobwino, bandi ikuimba, amayi akukuwa mpaka mawu kusasa. Atabwerako kopuma, anyamata athu anasanduka ena. Miyendo inalemera ngati aponda m'thope, mpira ukuwapulumuka m'manja, wina mpaka kuyasamula ali pansi pa dengu penipeni, anthu onse akuona. Kenaka Rutilio, kaputeni wathu, amene mwana aliyense m'mudzi muno amalota kudzakhala iye, anathamanga ndi mpira, n'kuima, n'kugwada, n'kugwa chafufumimba pa simenti. Namwino wa pachipatala chathu atamuyeza ananena mokweza mawu amene akanayenera kundinong'oneza ndekha: "Magazi atsika kwambiri. Zikukhala ngati amwa chogonetsa."

Mawuwo anazungulira bwalo iye asanatseke n'chikwama chomwe. Maso onse anatembenukira ku mtsuko wa Crisanta.

Crisanta ndi komadre wanga, chifukwa ndiye ananyamula mwana wanga woyamba pa ubatizo. Ndi mayi wa zitsamba, wamfupi, wa pakamwa pakuthwa. Chiyambire kalekale timu yathu sinalowepo m'bwalo popanda mtsuko wake wa tiyi wa chitsamba chotchedwa poleyo, umene amati umachotsa kutopa ndi kubwezera mpweya. Ine ndimaona kuti theka la mphamvuyo ndi zitsamba, theka lina ndi mantha, chifukwa palibe mnyamata angayerekeze kutopa Crisanta akumuyang'ana. Vuto lake linali limodzi. Anabadwira ku Talisa. Anabwera kuno ndi ukwati, mwamuna wake anamwalira, ndipo malo onse kuno ndi a mudzi. Wamasiye wochokera kwina amakhala pa malo a malemu ngati mudzi ukumufuna. Kuwonjezera apo, amene anatimwetsa zigoli zambiri tsikulo anali mwana wa mlongo wake.

Anthu atayamba kuphwanya thandala lake la zitsamba la pambali pa bwalo, ndinamukoka ndi dzanja limodzi, mtsuko kudzanja lina, n'kuwatsekera onse awiri m'kachipinda ka kuseri kwa ofesi. Chimkuzamawu cha pamwamba pa tchalitchi chinalengeza kuti Lolemba dzuwa likapendeka mudzi wonse usonkhane. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Manja akakwera, komadre wanga atuluka m'nyumba imene anakulitsiramo ana, n'kuwoloka chigwa ndi kathumba pamutu.

* * *

Lolemba m'mawa ndinamupititsira buledi wotentha ndi khofi. Ndinamupeza atakhala pa benchi, manja atapinda, nkhope ngati wina aliyense ndiye wolakwa.

"Komadre, mwagona bwanji?"

"Ngati mfumukazi. Nsikidzi zanu n'zaulemu, zimaluma mosinthana."

"Tandiuzani, mumtsukomu munaikamo chiyani?"

"Zomwe ndimaika chaka ndi chaka. Poleyo, masamba a ndimu, sinamoni, uchi, kamchere pang'ono. Mwamuna wanu anamwa zomwezo ali ndi tsitsi, ndipo sanagone, ngakhale kusewera kwake kunali kogonetsa oonerera."

Ndinavundukula mtsuko n'kununkhiza. Fungo linali lomwelo lodziwika. Koma mphuno yanga ndi ya buledi, singapulumutse munthu pa msonkhano.

"Ndi chitsamba chanji chingagwetse amuna athanzi masanasana?"

"Masamba a sapote woyera, ukawiritsa ambiri. Amatsitsa magazi, amabweretsa tulo. Aliyense amadziwa."

"Ndipo mtengo wa sapote m'mudzi muno uli kuseri kwa nyumba ya ndani?"

"Kwanga. Nazonso aliyense amadziwa."

"Mwapatsako munthu masamba amenewo sabata ino?"

Crisanta ananyema buledi, n'kuviika mu khofi, n'kutafuna pang'onopang'ono ngati sanamve. Ndimamudziwa mayi ameneyu. Akakhala kuti alibe chobisa, yankho limatuluka funso lisanathe.

"Komadre, akuthamangitsani."

"Andithamangitse. Munthu akabwera kwanga ndi vuto lake, vutolo limathera pakhomo panga. Mukadzabwera inu ndi lanu mudzafuna ndikalengeze pa chimkuzamawu?"

"Ndiye kuti alipo amene munamupatsa."

"Buledi wanu lero wachepa mchere," anatero.

* * *

Ndisanafike n'pachipata pomwe, Aphunzitsi Ubaldo, amene amaphunzitsa timu yathu, anandidzidzimutsa kuchokera kuseri kwa mpanda. Ndi munthu wabwino, koma amalankhula ngati akuwerenga chikalata cha boma, ndipo m'mawa umenewo thukuta linali kamukamu kunja kukuzizira.

"Doña Herlinda, ndabwera kudzadzipereka m'manja mwa chilungamo."

"Mwapha ndani, aphunzitsi?"

"Mwina timu yonse." Anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete. "Makapisozi a muzu wa jinseni. Anatumiza ndi msuweni wanga kuchokera kumpoto. Palembedwa kuti amaonjezera mphamvu ndi kuchedwetsa kutopa. Ndinkafuna tipite patsogolo ndi sayansi, osangodalira mtsuko. Ndinapatsa aliyense awiriawiri masewera asanayambe. Usiku sindinaone tulo, Doña. Bwanji ngati anatha mphamvu? Bwanji ngati anamenyana ndi poleyo m'mimba?"

"Dzulo anthu akuphwanya thandala la mayi uja munali kuti ndi nkhani imeneyi?"

Anazyolika. "Ndinali ndikusonkhanitsa maganizo."

"Onse anamwa makapisoziwo?"

"Onse, ine ndikuona."

"Ndipo onse analefuka?"

Anaganiza kaye, chala chili pamlomo. "Kupatula Abundio. Ameneyo ankathamanga ngati mbuzi yodula chingwe mpaka wezulo womaliza. Ndipotu, Doña, sindikufuna kuneneza munthu, koma mukudziwa kuti Abundio ndi Rutilio sapatsana moni."

Ndinkadziwa. Mudzi wonse unkadziwa. Abundio ndiye amakhala kuno chaka chonse, amasesa bwalo, amapenta mizere, amaphunzitsa ana. Rutilio amatsika ndege kamodzi pachaka n'kupatsidwa ukaputeni. Ndinalanda kabotoloko n'kukaponya m'thumba la epuloni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamva kafungo ka nyama.

* * *

Abundio ndinamupeza pansi pa galimoto yake yonyamula khofi, kukuoneka miyendo yokha.

"Tuluka, ndili ndi ndodo."

"Lankhulani, Tiya, makutu ali konkuno." Kuno mayi wamkulu aliyense timamutchula Tiya, ndiye kuti azakhali, bambo wamkulu Tiyo.

"Anzako onse ankagona chilili. Iwe bwanji?"

"Ndiye ukhala mlandu kusagona? Mukanandiuza, bwenzi nditabwera ndi bulangeti." Anatuluka akupukuta manja, nkhope ili yakuda ndi mafuta. "Mukuganiza kuti ndinawathirira ine? Kuti tiluze kwa a Talisa? Tiya, ine Rutilio ndikhoza kumuthyola mphuno, zimenezo sindikana. Koma ndingadikire kaye titenge chikho."

Zinali zoona, ndipo zinandikwiyitsa chifukwa ndinali nditayamba kale kumukonda ngati wopalamula.

"Makapisozi a aphunzitsi unamwa?"

Anaseka mpaka kutsamira galimoto. "Palibe amamwa zimene zija! Timaika m'tsaya, aphunzitsi akatembenuka timalavulira kuseri kwa mpanda wa ansembe. Mukaone nkhukundembo za Abambo mmene zanenepera. Tambala wawo masiku ano akuthamangitsa agalu."

"Nanga tiyi wa mumtsuko?"

"Ameneyo ndiye ndinamwa kuposa onse. Ndinali ndi ludzu la ngamila. Popuma paja ndinabwereza mpaka Tiya Crisanta anandimenya ndi chikho pamutu, amvekere ndisiyireko anzanga. Funsani aliyense, anthu anaseka."

Ndinaima njii. Ngati munthu amene anamwa kwambiri mumtsuko ndi amene sanagone, ndiye kuti mtsukowo unalibe mlandu. Makapisozi nawo anathera m'mimba mwa nkhukundembo. Nanga tulo tinalowera pati?

"Munadya chiyani musanalowe m'bwalo?"

"Aliyense kwawo. Ine tizigumu tathu ta chimanga ta totiya ndi nyemba, monga mwa masiku onse. Sindine wa ku Los Angeles ine, wodya zoyeza pa sikelo." Analavula pambali. "Ndipo dziwani, Tiya, cha Rutilio ine sindilawa. Ngakhale madzi. Ngakhale nditagwa m'chipululu."

Ndinachoka ndikung'ung'udza kuti amuna akuluakulu ndevu pepeya n'kumasungirana chakukhosi ngati ana a sukulu. Mawu ake omalizawo sindinawalabadire. Dzuwa linali litakwera ndithu, ndipo anyamata anali atayamba kale kundanda mabenchi pabwalo la msonkhano.

* * *

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine tsiku limenelo sindinadekhe ayi. Nkhono inachita kundipunthwitsa yokha. Ndikudutsa pakhomo pa Don Eleuterio, woimba chilipenga chachikulu chija cha m'bandi yathu, ndinamva mkazi wawo akuwalalatira mpaka nkhuku kuthawa.

"Chidakwa! Unagwada pamaso pa woyera, kandulo m'manja, n'kulumbira kuti chaka chino kachasu wa mesikali sulawa! Lero ndituluka bwanji panja?"

Don Eleuterio atandiona anatambasula manja ngati munthu womira. Ndi bambo wonenepa, wa mtima wa mwana, ndipo misozi inali ili lengelenge.

"Herlinda, mwana wanga, bwera ndi ndodo yakoyo undiweruze. Ndinunkhize! Bwera, nunkhiza!"

"Chachitika n'chiyani, Tiyo?"

Anayankha ndi mkazi wawo. "Dzulo madzulo pa gule, bandi ili pakati pa nyimbo, chilipenga chinangoti zii. Kutembenuka, bamboyu wagona, mutu uli m'kamwa mwa chilipenga, akuliza mkonono. Mkononowo n'kumamveka kudzera m'chilipengamo! Anthu mpaka anavinako pang'ono asanazindikire."

"Sindinamwe!" Don Eleuterio anadziguguda pachifuwa. "Woyera ndi mboni yanga. Tsiku lonse ndinangomwa tiyi basi."

"Wa mumtsuko wa Crisanta?"

"Iyayi, umenewo ndi wa osewera, ife oimba sitiyandikirako, angatidule manja. Ndikunena wa m'fulasiki."

"Fulasiki iti?"

"Yofiira ija, yaikulu. Si ife a bandi timakhala kumbuyo kwa benchi ya timu? Popuma paja inkayenda pa benchipo, uyu amweko apatse mnzake, uyu amweko apatse mnzake. Itafika kumapeto, mnyamata uja ananditembenukira, amvekere, 'Tiyo, nyowetsani kukhosi, mwaombera ife chiyambire m'mawa.' Ndikanakana? Ndinamaliza ndine zotsalira, zakunsi zokhathamira zija. Zowawirako, koma uchi unalimo."

"Mnyamata wake uti?"

"Rutilio, mwini fulasiki. Mwana waulemu kwabasi, ngakhale amakhala kunja."

Apo m'pamene mawu a Abundio anandibwerera ngati mbama. Cha Rutilio sindilawa, ngakhale madzi. Ndinawauza mayi aja kuti amuna awo lumbiro sanaswe, awapatse chakudya. Ine ndinakwera chitunda cha kwa amake Rutilio ndikuthamanga, zimene mawondo anga sanandikhululukirebe mpaka lero.

* * *

Rutilio anali atagona pa mkeka pakhonde, nkhope yotuwa, koma atandiona anayesetsa kudzuka. Mkazi wake Yadira anamukankhira pansi ndi dzanja limodzi. Yadira makolo ake ndi a kuno, koma iye anabadwira ku Los Angeles ndipo aka kanali koyamba kuponda ku Yovela. Chilankhulo chathu amachimva mwa apo ndi apo. Sabata yonse amayi a m'mudzi ankamuseka mwachikondi chifukwa chothira mankhwala m'madzi akumwa ndi kuopa nkhukundembo.

Fulasiki yofiira inali pa zenera, yotsukidwa bwino, yovundikiridwa kuti iume. Pambali pake panali dzina la Rutilio lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu.

"Mwana wanga," ndinatero kwa Rutilio, "m'fulasiki umu munali chiyani dzulo?"

"Tiyi, Tiya. Anandikonzera ndi mkazi wangayu. Bwanji?"

"Unamwa wekha?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ndekha? Anzanga ali pambali panga thukuta lili chuchuchu? Ndine galu ine?"

Kapu imene Yadira anagwira inagwa pansi n'kusweka.

"Unagawa?" Mawu ake anatuluka ang'onoang'ono. "Ruti, ndinakuuza kuti ndi yako. Ndinalembapo dzina lako!"

"Ee, ndi yanga. N'chifukwa chake ndinagawa. Ukanalemba dzina la wina ndikanayamba ndapempha."

Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kulira. Kumene anakulira mtsikanayu, wosewera aliyense amakhala ndi botolo lake, ndipo kulemba dzina ndiye kuti wina asakhudze. Kuno chakumwa chimene chafika m'manja mwako chimakhala chayamba ulendo. Amene amamwa yekha timamukumbukira mpaka pa maliro ake.

"Yadira," ndinatero, "masamba a sapote unakatenga kwa Crisanta. Unamuuza chiyani?"

Sanayese n'kukana komwe. Anakhala pansi pa chiundo cha khonde, manja ali kumaso.

"Ndinati sindikugona chifukwa cha phokoso la zophulitsaphulitsa za pa chikondwerero. Anandiuza kuti masamba awiri okha pa kapu. Ine ndinaika dzanja lonse." Anapukuta mphuno n'kumuloza mwamuna wake. "Auze, Ruti. Uwauze kapena ndinene ndine."

"Yadi, khala chete."

"Sindikhala chete! Ndakhala chete mokwanira. Tiya, munthu uyu mtima wake ndi wotupa. Adokotala anamuuza pamaso panga kuti mpira asiye, akapanda kusamala adzagwa pabwalo osadzukanso. Analonjeza. Anandigwira dzanja n'kulonjeza kuti tikubwera kudzangoonerera. Titangotsika basi, ana akumuimba dzina, amuna akumunyamula pamapewa, ndinaona nkhope yake ndipo ndinadziwa kuti ndaluza. Ndinamupempha, ndinalira, ndinabisa nsapato zake, anakabwereka zina. Ndiye ndinati alefuke pang'ono chabe, aphunzitsi amutulutse, akhale pa benchi. Andikwiyire ali moyo."

"Ukanamupha ndiwe," ndinatero, ndipo sindinafewetse mawu. "Munthu wodwala mtima, womwa kale mankhwala a kuchipatala, n'kumuthirira dzanja lonse la sapote? Zitsamba si zoseweretsa chifukwa choti zimamera kuseri kwa nyumba."

"Ndikudziwa. Atagwa paja ndinaona ngati ndamupha." Anayamba kusisima. "Anzake aja ndinkaganiza kuti angotaya mtima poona iye akufooka. Zoti atsekera Tiya Crisanta ndamva m'mawa uno. Ndimafuna kubwera, Tiya, koma ndinachita mantha. Anthu aja dzulo nkhope zawo..."

Rutilio ankangoyang'ana denga. Ndinamumvera chisoni mnyamata ameneyu. Kumpoto kuja ndi munthu wodula udzu m'mabwalo a eni, palibe amadziwa dzina lake. Sabata imodzi pachaka amakhala Rutilio wa ku Yovela, ndipo mkazi wake anali atangomulanda sabata imeneyo chifukwa chomukonda.

"Tiya Crisanta akudziwa kuti ndi iyeyu?" anafunsa pomaliza.

"Akudziwa amene anamupatsa masamba. Wakana kutchula."

"Ndipo akamuthamangitsa?"

"Akapanda kumva zina, inde."

Belu la tchalitchi linayamba kulira, kuitana anthu ku msonkhano. Yadira anaimirira n'kuyamba kumanga tsitsi.

"Ndikanena ndekha," anatero.

"Tandipatsa nsapato," anatero Rutilio. "Zanga zenizeni, zimene unabisa zija."

* * *

Bwalo linadzaza mpaka ena kukwera pa mpanda. Crisanta ndinamukhazika pambali panga, mtsuko wake uli patsogolo. Ndisanatsegule pakamwa, wina kumbuyo anali atayamba kale: "Wa ku Talisa ndi wa ku Talisa! Magazi sanama!" Ena n'kumavomereza. Ambiri mwa okuwawo Crisanta anawachiritsapo chifuwa ali makanda, ndipo ndinawayang'ana mmodzimmodzi kuti adziwe kuti ndawaona.

Ndinagogoda ndodo pansi. Ndinaitana Abundio, ananena za mtsuko ndi chikho cha pamutu. Ndinaitana Don Eleuterio, ananena za fulasiki, n'kupempha kuti zilengezedwe pa chimkuzamawu kuti lumbiro lake lili chilili. Anthu anaseka, koma kuseka kunatha msanga. Aliyense anali atayamba kudzifunsa yemwe anakonza fulasikiyo, ndipo mitu inayamba kutembenukira kwa Yadira. Ndinaona mmene nkhope zomwe zija za dzulo zikusamukira pa munthu watsopano.

Mtsikanayo anadzuka. Rutilio anamugwira paphewa n'kumukhazika, iye n'kuimirira atatsamira mzati.

"Abale anga," anatero, "fulasiki inali yanga. Zimene zinali mkatimo anakonzera ine, chifukwa cha mtima wanga. Ndine wodwala. Adokotala anandiletsa mpira chaka chatha, ine n'kubisira aphunzitsi, kubisira anzanga, kubisira mayi anga ali apowa. Ndinalowa m'bwalo ndikudziwa. Ndipo amene anayendetsa fulasikiyo pa benchi ndi dzanja ili. Ngati mukufuna wothamangitsa, ndine. Tiya Crisanta mtsuko wawo ndi woyera. Dzulo ndasewera komaliza."

Panalibe bodza ngakhale limodzi m'mawu akewo. Chimene anasiya, ndinachisiya nanenso, ndipo ndodo sinandiwotche m'manja.

Amake anayamba kulira chapansipansi. Kenaka Abundio anadzuka, n'kudutsa pakati pa anthu nkhope ili gwa, moti ndinagwiritsa ndodo poganiza kuti mphuno ija yafika tsiku lake. Anaima pamaso pa Rutilio.

"Chitsiru iwe," anatero. "Ukanafera pabwalo langa lopentapenta lija, ine ndikanadana ndi ndani?"

Anamukumbatira mwankhanza, mpaka namwino anakuwa kuti amusiye apume.

Za kuthamangitsa munthu palibe anazitchulanso. Wapampando wa mudzi anavula chipewa n'kupepesa Crisanta m'dzina la onse, ndipo msonkhano unalamula kuti amene anaphwanya thandala alimange latsopano Loweruka, ndi matabwa awo. Msonkhanowo unalamulanso Rutilio kupenta tchalitchi akachira, atakhala pansi. Crisanta ananyamula mtsuko wake n'kuuika pachiuno.

Ndinamuperekeza. Tinakwera njira ya kunyumba kwake, ine ndikupuma ngati bulu wokalamba, iye osatopa n'komwe. Mkwiyo umene ndinaumeza tsiku lonse unandibwerera.

"Komadre, munandipweteka mtima. Mukanangonditsina khutu m'mawa muja, bwenzi nditathamanga chitunda chimodzi chokha. Mukanatuluka m'mudzi muno chifukwa cha mtsikana amene mwamuona kamodzi?"

"Ndinamuona kamodzi, koma ndinamuona bwino. Munthu wosowa tulo safunsa ngati masambawo angafoole mwamuna wamkulu."

"Ndiye munadziwa!"

"Ndinaganiza kuti mwamunayo amamuvutitsa usiku. Ndinamuuza masamba awiri okha." Anasuntha mtsuko kuupititsa mbali ina. "Atagwa mnyamata uja, ndinayang'ana nkhope ya mkazi wake. Si nkhope ya munthu wofuna kupha imene ija."

"Komabe mukanatchula."

Anaima pachipata chake n'kutembenuka. Kumunsi kunkaoneka bwalo, anthu akubalalika, ndi Yadira akuyenda pang'onopang'ono atagwira mwamuna wake m'chiuno. Maso a komadre wanga anali atanyowa, chinthu chimene sindinachionepo ngakhale pa maliro a mwamuna wake.

"Munawaona anthu aja dzulo, komadre. Ndinawasambitsa ali makanda, ndinaika mwamuna wanga m'dothi lawo, koma masana amodzi okha anakwana kuti ndikhalenso wa ku Talisa. Zinandiwawa, sindinama. Koma ine ulendo ndinauzolowera, khungu linakhuthala. Mwana uja wangofika kumene, akuyesetsa kuti kuno kukhale kwawo. Akanamuyang'ana mmene anandiyang'anira ine, sakanabweranso, ndipo ana ake sakanadziwa njira ya ku Yovela."

Ndinangomugwira dzanja.

"Mawa mumutumize kuno," anatero akutsegula chipata. "Ngati akufuna kusunga mwamuna ameneyo ndi moyo, aphunzire kuyeza masamba. Ndipo mumuuze abwere ndi njala, adzadya pano."